Kalawidwe ka vinyo wapamwamba komanso momwe mungadziwire ngati angasungike zaka zambiri

Abale anga amene mukugwira ntchito mmalesitilanti a ku Sandton, Rosebank, Melville, Fourways ndi kwina konseko kuno ku Joni, nkhani iyi ndalembera inu makamaka, ngakhale aliyense wokonda vinyo atha kutolapo kanthu. Ambiri a ife timanyamula mabotolo odula tsiku ndi tsiku, kutsegula timatha, kuthira timatha, koma kasitomala akangofunsa kuti vinyo ameneyu akukoma bwanji kapena ndingamusunge zaka zingati, timangoti ndi wabwino kwambiri bwana, basi nkhani yathera pomwepo. Ine zimenezi zimandiwawa chifukwa mphuno tili nazo zakuthwa, munthu woti umatha kudziwa kuti thobwa wagona masiku angati pongomununkhiza sungalephere vinyo, chimene chimasowa ndi ndondomeko chabe. Ndiye nayi ndondomeko imene ndimagwiritsa ntchito ine.

Zofunika kukhala nazo

- Magalasi a mwendo, otakasuka pansi koma opapatiza kukamwa. Tambula ayi, imataya fungo. Akhale awiri kapena atatu ofanana pa munthu aliyense.
- Pepala loyera kapena nsalu yoyera ya pa tebulo.
- Chotsegulira chija timayenda nacho mthumba la epuloni.
- Madzi akumwa ndi buledi wouma wosapaka chilichonse.
- Kapu yaikulu kapena kandowa kolavuliramo.
- Kope ndi bolopeni, kapena foni ngati mumalemba msanga.
- Mabotolo awiri kapena atatu osiyana. Sonkheranani ndi anzanu, botolo limodzi ndi 750 ml ndipo polawa 50 ml imakwana, ndiye botolo limodzilo likwanira anthu oposa khumi.
- Sokosi yoyera kapena thumba la pepala lobisira lebulo.

Musanatsegule botolo

1. Konzani mkamwa ndi mphuno zanu. Tsiku lolawa musadzole pafyumu, musasute, musatafune chingamu, ndipo pakhale ola lathunthu kuchokera pomwe munatsuka mano chifukwa mankhwala otsukira mano amapangitsa vinyo aliyense kuwawa. Ngati mwadya nsima ya ndiwo za kambuzi kapena Nali dikirani kaye, lilime likakhala likuyaka palibe chimene mungamve. Nthawi yabwino ndi cha mma 11 mmawa musanadye nkhomaliro. Chenjezo: musalawire kukhitchini komwe akukazinga anyezi kapena pafupi ndi pomwe angokolopa ndi Jik.

2. Onani kutentha kwa vinyo. Apa ndipomwe ambiri timagwera. Timamva kuti vinyo wofiira sayikidwa mu firiji ndiye timamusiya pa shelefu, koma kutentha kwa mu Okutobala mpaka Febuluwale kuno ku Joni mnyumba mumatha kupitirira madigiri 25, vinyo wofiira akatentha choncho mumangomva mowa wokhawokha ukuwotcha pakhosi. Wofiira amafuna madigiri 16 mpaka 18, ndiye mulowetseni mu firiji mphindi 20 kapena 30. Woyera amafuna 8 mpaka 12, mutulutseni mu firiji kwa mphindi zingapo musanalawe chifukwa akazizira kwambiri fungo limabisala. Wathovu uja wa Cap Classique ndiye 6 mpaka 8.

3. Werengani botolo. Onani chaka, mtundu wa mphesa, dera ndi kuchuluka kwa mowa. Pakhosi pa mabotolo ambiri a muno mu South Africa pamakhala kachidindo ka Wine of Origin, ndondomekoyi inayamba mu 1973 ndipo imatsimikiza kuti zimene zalembedwa pa lebulo nzoona, mwachitsanzo akalemba mtundu umodzi wa mphesa ngati Shiraz ndiye kuti osachepera 85 peresenti ndi Shiraz yemweyo. Dera limakuuzani zambiri musanalawe nkomwe, Elgin ndi Hemel-en-Aarde kufupi ndi Hermanus ndi kozizira ndiye vinyo wake amakhala wopepuka ndi wowawasa bwino, pomwe Paarl ndi Swartland nkotentha ndipo zipatso zimapsa kwambiri. Kumbukiraninso kuti kuno amakolola mphesa kuyambira Januwale mpaka cha mu Epulo, ndiye vinyo wa Stellenbosch wa 2022 ndi wamkulu ndi theka la chaka kuposa wa ku France wa 2022. Mukamaphunzira, mnzanu mmodzi awerenge kenako aveke mabotolo sokosi kuti enanu mulawe musakudziwa mtengo.

4. Tsegulani ndi kuthira pang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a galasi. Gwirani mwendo wa galasi osati mimba yake, dzanja limatenthetsa vinyo komanso limasiya zala pagalasi.

Kuona ndi maso

5. Pendeketsani galasi pamwamba pa pepala loyera muyang'ane pakati kenako mmphepete. Apa musachedwepo. Wofiira akakhala wamng'ono mmphepete mumaoneka mwa pepo ngati madzi a mabulosi, akamakula amayamba kutuwa nkumapita ku mtundu wa njerwa yootcha. Woyera amachita mosemphana, amayamba wotuwa ngati udzu wouma ndipo akamakula amadera kupita ku golide. Vinyo woyera wa chaka chatha akaoneka wa bulauni pali vuto. Timizere tija timatsika mmbali mwa galasi mukalizunguza, anthu amati miyendo, sitikunena chilichonse za ubwino wa vinyo, tikungosonyeza kuti mowa kapena shuga ndi wambiri.

Kununkhiza, ndipo apa ndikhalitsapo

6. Kanunkhizidwe koyamba nkofufuza ngati vinyo ali bwino kapena wawonongeka. Musazunguze kaye, ingolowetsani mphuno mgalasi ndi kukoka mpweya pang'ono kawiri. Mukamva fungo la katoni yonyowa, kapena chipinda chachinyontho chimene chakhala chotseka dzinja lonse, kapena chisanza chokolopera chosauma, vinyoyo ndi amene amati corked, vutoli limachokera ku mankhwala otchedwa TCA amene nthawi zambiri amakhala mu chitsekero cha cork. Sapweteka munthu koma amapha zipatso zonse. Mukamva apozi wodulidwa amene wada, kapena viniga, ndiye kuti mpweya unalowa. Mukamva jamu wopserera komanso chitsekero chikuoneka kuti chatukuka kapena vinyo anadontha mmbali mwake, botolo linapsa ndi kutentha. Fungo la machesi ongozima kapena dzira lowola pang'ono nthawi zambiri limachoka mukazunguza galasi kwa mphindi zingapo, ndiye limenelo musathamangire kubweza botolo.

Ine ndinaphunzira fungo la corked pa tebulo, pa lesitilanti ina yomwe ndinkagwira chaka changa chachiwiri kuno. Mayi wina wachikulire ananunkhiza kamodzi kokha nkundibwezera galasi mwaulemu kuti nanenso ndinunkhize, ndinamva fungo lenileni la makatoni a feteleza amene ankakhala mu nkhokwe ya agogo anga ku Ntcheu mvula ikadontha, ndipo manejala anati botololo ndinayenera kuligwira ine ndisanalithire. Usiku umenewo ndinapempha kuti galasi lija lisatayidwe, ndinalinunkhiza mobwerezabwereza mpaka shifti kutha. Mukapeza botolo lotere kuntchito chitani chimodzimodzi, itanani anzanu onse anunkhize, chifukwa fungolo ukalidziwa kamodzi suliyiwalanso.

7. Tsopano zunguzani galasi lili pa tebulo, ngati mukujambula timizere tozungulira, kenako nunkhizaninso. Mabuku ndi aphunzitsi adzakuuzani mayina a zipatso za ku Ulaya zimene ambiri a ife sitinadyepo, ndiye munthu umangoloweza osamva kanthu. Ine ndimati yambani ndi zomwe mphuno yanu ikudziwa kuchokera kumudzi, dzina la chingerezi mudzaliphatikiza pambuyo.

Mafungo ndimawagawa patatu. Loyamba ndi la mphesa zenizenizo. Chenin Blanc, amene akale kuno ankamutcha Steen ndipo ndi mphesa yodzalidwa kwambiri mdziko muno, nthawi zambiri amandikumbutsa magwafa akupsa, apozi ndi chinanazi. Sauvignon Blanc ali ndi fungo la udzu wongotchetcha kumene, magalagadeya ndi tsabola wobiriwira uja wosawawa. Shiraz mumamva tsabola wakuda wopera ndi kautsi ngati nyama ya pa makala. Cabernet Sauvignon ndi mabulosi akuda kwambiri, nthawi zina ndi katsamba kobiriwira. Pinot Noir ndi wopepuka, ine amandikumbutsa chidede ndi sitiroberi za pa Zomba. Pinotage ndiye wathuwathu wa kuno, katswiri wa mphesa Abraham Perold anakwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut ku Stellenbosch mu 1925, mwa iye mumamva maplamu, kautsi, ena amakhala ndi kanthochi.

Lachiwiri ndi la mgolo wa mtengo wa oak momwe vinyo anagonamo, apa mumamva vanila ngati wa mu keke, kokonati, khofi, chokoleti, buledi wootcha, ndipo Chardonnay wina amafika ponunkhira batala. Chenjezo lalikulu lili apa: fungo la mgolo limakopa msanga ndipo ambiri timaganiza kuti vinyo akanunkhira khofi kwambiri ndiye wapamwamba. Si choncho, pali ma Pinotage otchipa opangidwa dala kuti anunkhire khofi, amakoma ndithu koma si osunga. Funso nlakuti pansi pa vanilayo zipatso zikumveka?

Lachitatu ndi la ukalamba, ndipo limeneli ndi lomwe ine ndimalikonda koposa. Vinyo wofiira akakhala zaka zambiri mbotolo zipatso zaziwisi zimasanduka zouma, mumayamba kumva fodya wa mchigafa ngati ku Kasungu nthawi yomanga mabelo, chikopa, bowa wa mtchire, ndi fungo lija la dothi mvula yoyamba ikagwa mu Novembala. Woyera amapita ku uchi, mtedza wokazinga ndi zipatso zouma, Riesling wokalamba amafika ponunkhira ngati parafini pang'ono ndipo limenelo si vuto, ndi chikhalidwe chake.

Musakoke mpweya nthawi yaitali, mphuno imatopa msanga. Kununkhiza kufupikufupi katatu, kupuma, kenako kubwereza.

Mkamwa

8. Imwani pang'ono, ngati supuni yaikulu imodzi, muyendetse mkamwa monse mpaka ku nkhama, ndipo ngati mungathe kokani kampweya kudzera pa milomo vinyo ali mkamwa, kamamveka kaphokoso koma ndi momwe fungo limakwerera kumphuno kudzera kukhosi. Kumwa koyamba musaweruze, kumangotsuka mkamwa. Kwachiwiri ndiye funsani mafunso awa limodzi limodzi.

Shuga: kunsonga ya lilime mukumva kutsekemera kwenikweni kapena ndi fungo chabe la zipatso zakupsa? Ambiri timasokoneza ziwirizi. Tsinani mphuno, ngati kutsekemera kwatha ndiye kuti shuga mulibe, vinyoyo ndi amene amati dry.

Asidi: mukameza kapena kulavula, weramitsani mutu kukamwa kuli kotsegula pang'ono muone malovu akubwera ochuluka bwanji. Ganizani za malambe kapena bwemba, momwe mmasaya mumachitira. Malovu ambiri ndiye asidi wambiri, ndipo ameneyu ndi msana wa vinyo, akasowa vinyo amakhala ngati Fanta wogona wotsegula.

Tannin: uyu amapezeka makamaka mu wofiira, amachokera ku makoko ndi njere za mphesa komanso ku mgolo. Si kuwawasa, ndi kuuma kuja kumene mumamva ku nkhama mukaluma nthochi yosapsa kapena masuku aawisi. Ngati simukumvetsa, viikani tiibagi mmadzi otentha mphindi 10 mumwe opanda shuga ndi mkaka, chimene chigwire nkhama zanu ndi tannin. Ndiye musangoti alipo wambiri kapena wochepa, onaninso mtundu wake, pali wina wosalala ngati ufa woyera wosefa bwino ndipo pali wina wokhakhala ngati mgaiwa wogayidwa mothamanga. Wosalalayo amafewa ndi zaka, wokhakhala ndi wowawa uja wochokera ku mphesa zosapsa nthawi zambiri safewa mpaka zipatso kutha.

Mowa: kutentha kwa pakhosi. Ofiira ambiri a kuno amakhala pakati pa 13 ndi 15 peresenti, nambala payokha si vuto, vuto ndi pomwe ukuwotcha kuposa china chilichonse.

Kulemera: mkamwa akumveka ngati madzi, ngati mkaka, kapena ngati thobwa wolimba?

Kutalika: mukameza werengani mumtima kuti kukoma kukhala masekondi angati, kukoma kwa zipatso osati kuwotcha kwa mowa. Vinyo wamba amazimiririka musanafike 5, wabwino kwenikweni amakhalabe mpaka 20 kapena 30 ndipo amasintha akamapita. Kwa ine ichi ndiye chizindikiro chimene sichinama, lebulo itha kukongola, mtengo utha kukwera, koma kutalika sangakupentere.

9. Lavulani ndi kulemba nthawi yomweyo. Kulavula si mwano, akatswiri onse amatero, mukameza magalasi asanu ndi limodzi lachisanu ndi chiwiri simulimvanso, komanso ambiri timalawa tili pa ntchito kapena tikuyenera kuyendetsa galimoto pobwerera. Lembani dzina, chaka, mafungo atatu, asidi, tannin ndi kutalika. Lembani mChichewa momwe mwamvera, musadikire kuti mnzanu ayambe kulankhula chifukwa akangoti magwafa nonse mumva magwafa.

Kodi angasungike?

10. Choyamba dziwani kuti vinyo wambiri amene ali mmashelefu a Checkers, Woolworths kapena Makro anapangidwa kuti amwedwe msanga, mkati mwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kumusunga sikumuwonjezera kanthu. Rosé, vinyo wa pinki uja, ndi Sauvignon Blanc wamba imwani akadali wamng'ono. Wosungika ayenera kukhala ndi zinthu izi pamodzi: zipatso zochuluka zothinana, asidi wokwanira, tannin wolimba koma wakupsa ngati ndi wofiira, ndi kutalika. Asidi ndi tannin ndi zomwe zimamuteteza, zipatso ndi zomwe zimadyeka pang'onopang'ono zaka zikamapita, ndiye funso limene ndimadzifunsa nlakuti tannin ameneyu akamadzafewa zipatsozi zidzakhala zikadalipo? Ngati tannin ndi wochuluka koma pakati pali pululu, ameneyo adzangouma. Ngati zipatso nzambiri koma asidi palibe, ngwokoma lero koma sapita patali.

Zitsanzo za kuno zimene zimadziwika kuti zimakula bwino ndi monga Paul Sauer ndi Pinotage a ku munda wa Kanonkop, ndi Rubicon wa ku munda wa Meerlust, onsewa a ku Stellenbosch ndipo zaka 10 kapena kuposa samaziopa akasungidwa bwino, ndipo a chaka cha 2015 anthu amawatamanda kwambiri. Musaganize kuti osungika ndi ofiira okha, Chenin Blanc wa mitengo ya mphesa yakale ya ku Swartland ndi Chardonnay wabwino wa ku Hemel-en-Aarde amakula mokongola chifukwa cha asidi, mukaona kachidindo ka Old Vine Project ndiye kuti mitengo yake ili ndi zaka 35 kapena kuposa. Wotsekemera ngati Vin de Constance wa ku Klein Constantia amatha zaka makumi chifukwa shuga ndi asidi zimagwirizana kumuteteza.

11. Yesani ndi botolo lotsegula. Mukalawa bwezeranipo chitsekero, ikani pozizira, mulawenso mawa lake ndi mkuja. Vinyo amene tsiku lachiwiri wakoma kuposa loyamba nthawi zambiri ali ndi mphamvu yokhalitsa, amene wafooka pofika mmawa mumwereni chaka chino. Si muyezo wangwiro koma umathandiza. Ngati thumba likulola gulani atatu ofanana, limodzi lero, lina pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, lotsalalo muone malinga ndi zomwe munalemba mkope muja.

12. Sungani bwino apo ayi zonsezi nzachabe. Pamafunika mdima, pozizira cha mma digiri 12 mpaka 15, ndipo chachikulu kutentha kusamasinthesinthe. Ambiri tikukhala mma flat ndi mzipinda za kuseri ku Yeoville, Cosmo City kapena Randburg, firiji ya vinyo tilibe ndipo load shedding ikabwera ngakhale amene ali nayo amavutika, ndiye pezani pansi pa wadiropu ya chipinda chimene dzuwa silifika, botolo likhale mkatoni yake. La chitsekero cha cork ligone chammbali kuti cork asaume, makamaka ndi mpweya wouma wa mu Juni ndi Julayi kuno, la chitsekero chopotokola litha kuima. Kunena zoona mchipinda cha malata chotentha ine sindingasunge botolo lodula kupitirira chaka.

Zolakwika zomwe ndimaziona kawirikawiri

Kununkhiza chitsekero mmalo mwa vinyo. Cork amanunkha cork, yankho lili mgalasi. Komanso tizidutswa ta cork tikagwera mu vinyo sindiye kuti ndi corked, ingochotsani.

Kunyoza chitsekero chopotokola kuti nchotchipa. Opanga vinyo abwino ambiri amachisankha dala pothawa TCA.

Kuopa zinyalala za pansi pa botolo lakale. Nzachilengedwe, imikani botolo tsiku limodzi kenako thirani mu decanter, jagi ya galasi yothiramo vinyo, pang'onopang'ono mukuyang'ana pakhosi pa botolo ndi tochi ya foni, zikayamba kufika siyani. Koma vinyo wokalamba kwambiri musamusiye mu decanter maola ambiri, amatha mphamvu msanga, wamng'ono wolimba ndi amene amafuna ola limodzi kapena awiri.

Kusokoneza dongosolo. Yambani ndi wathovu, kenako woyera, wofiira wopepuka, wofiira wolemera, wotsekemera kumapeto. Mukayamba ndi Cabernet, Chenin wobwera pambuyo amveka ngati madzi a mandimu.

Kuweruza vinyo ndi chakudya cholakwika mkamwa. Cabernet wa tannin wambiri ndi usipa kapena chambo chouma amamveka ngati mwanyambita chitsulo, yemweyo ndi nyama ya mbuzi yootcha yamafuta ndi mchere amafewa bwinobwino.

Kusokoneza zomwe inu mumakonda ndi ubwino wa vinyo. Ambiri tinayambira pa wotsekemera wa mubokosi ndipo palibe cholakwika, koma mukamalawa funsani kaye ngati asidi, tannin, zipatso ndi mowa zikugwirizana, za kukonda zibwere pambuyo. Ine mpaka lero Sauvignon Blanc sindimukonda kwenikweni koma wopangidwa bwino ndimamuzindikira ndipo ndimamugulitsa ndi mtima wonse.

Kudalira nyenyezi za mu buku la vinyo la Platter's kapena timastika ta golide pa botolo osalawa nokha. Zimathandiza posankha chogula, koma kasitomala akufunsa inu amene mwaima pa tebulo pake.

Galasi lonunkha. Musanathire linunkhizeni lili lopanda kanthu, magalasi ochokera mmakina otsukira kapena opukutidwa ndi nsalu yonyowa amanunkha sopo kapena dzira, ndipo ndaonapo botolo labwinobwino likubwezedwa chifukwa cha nsalu yopukutira. Tsukani ndi madzi otentha okhaokha, ligwireni pa nthunzi ya ketulo, mupukute ndi nsalu youma imene sigwira ntchito ina.